Ndinatumiza agogo anga ku nkhondo ya ku Ulaya

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire wa ku Nkopola. Sukulu sindinaipondeko, koma pakamwa Mulungu sanandimane. Paukwati, pasadaka, pamaliro, amaitana ine kuti ndifotokoze kuti uje anabala uje, ndipo makolo awo anachokera kwakuti. Nthano nazonso ndimazitha. Tsono pakamwa pomwepa ndi pamene pandiika m'madzi.

Mwana wanga Zubair amakonza mafoni pamsika wa Mangochi. M'shopu mwake anaikamo TV ndi kamakina ka magemu, koti azisewera makasitomala akachepa. Tsiku lina ndinapita kukakonzetsa foni yanga, ndinamupeza maso ali tong'oo pa TV. Eee, Aphungu, zimene ndinaona! Ulaya wakalekale, malinga amiyala, mahatchi, anthu atavala zitsulo thupi lonse ngati nkhanu. Pakati pawo panali mmodzi wakuda bii ngati ine, mphuno yathu yomweyi, lupanga lili m'manja.

Ndinafunsa kuti, "Nanga m'bale wathuyu ndi mwana wa yani?"

Zubair anaseka. "Ndine ameneyo, Ababa. Ndinamusankha ndekha."

Ndinakhala pabenchi mpaka ndinatsala pang'ono kuphonya swala, pemphero lathu la masana kumzikiti. Chiyambire pamenepo ndimapitako Lachiwiri lililonse. Hatchi ndimatha kuikwera tsopano, kungoti imakonda kundigwetsera mumtsinje.

Mavuto anabwera ndi mnzanga wa bawo, a Maclean, mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu amene anakhazikika kuno. Ndinawatenga ndekha kuti akaone. Anayang'ana, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Izi n'zonamiza ana. Munthu wakuda ku Ulaya nthawi imeneyo akanafikako bwanji? Pa kabaza?"

M'shopu monse munali phwete. Zubair anazolika. Anangoti, "Ndi zomwezo amandinena anzanga osewera nawo pa intaneti. Akuti ndikuwononga mbiri ya eni ake."

Mtima unandiwawa, Aphungu. Mwana wanga, bambo wandevu zake, kuchita manyazi ndi khungu lake m'shopu yake yomwe! Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula pokha: "Aphunzitsi, mabuku anu ndi aafupi. Ameneyu ndi Che Amidu, agogo awo a agogo anga."

Tsono mundimvetse bwino. Che Amidu analikodi. Ananyamula minyanga ya njovu kuchoka ku Makanjira mpaka ku Kilwa, kunyanja yamchere, wapansi, maulendo atatu. Anabwerako ndi nsalu, mikanda, ndi birika lamkuwa lothirira madzi limene mpaka lero lili kwa mlongo wanga ku Makanjira. Nkhani yoona imathera ku Kilwa komweko. Koma ine tsiku limenelo sindinaime. Ndinawakweza chombo cha matanga. Ndinawabweretsera namondwe. Ndinawatsitsa kudziko kumene madzi amauma gwa ngati mwala chifukwa cha kuzizira, mfumu yakumeneko n'kuwapatsa hatchi yoyera. Ndipo ndinanena ndi mawu aja ndimanenera mibadwo pamaliro, osati mawu a nthano. A Maclean anangovalanso magalasi awo. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Sindinadziwe kuti Zubair wazimeza zonse. Msilikali uja anamulemba dzina la Amidu. Anzake a pa intaneti anawauza kuti ameneyo ndi kholo lake lenileni. Zimenezo n'zochepa. Mkazi wake Rahma ndi woyembekezera, mwezi wamawa tikuyembekeza mlendo. Sabata yatha Zubair anabwera kunyumba, anakhala pansi mwaulemu, n'kunena kuti, "Ababa, akabadwa wamwamuna dzina lake ndi Amidu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, pometa tsitsi, mudzaimirire pamaso pa ashehe ndi abale onse a ku Makanjira, mudzafotokoze mbiri yonse. Ya hatchi ija musadzaisiye."

Mbuzi wagula kale. Mayi a kunyumba, a Mwanabibi, amene akundilembera kalatayi, akungondiseka. Akuti, "Akufa munawanyamula nokha kupita nawo ku Ulaya, mukawabwezenso nokha."

Ndiye ndithandizeni. Kodi anthu akuda analikodi ku Ulaya nthawi ya malupanga ija, kapena a Maclean akunena zoona? Nanga ndidzaimirire? Kunama pamutu pa khanda, ashehe ali pomwepo, sindingathe. Komanso kuzimitsa chimwemwe cha mwana wanga ndikuopa.

A.K., Nkopola, Mangochi


Bambo A.K.,

Ndiyambe ndi nkhani yokoma: a Maclean analakwa. Anthu a ku Africa analiko ku Ulaya nthawi imeneyo. Asilamu analamulira mbali zina za dziko la Spain kwa zaka pafupifupi 800, ndipo m'magulu ankhondo amene ankaolokera kumeneko kuchokera ku Africa munalinso anthu akuda ochokera kumwera kwa chipululu cha Sahara. Mafumu a ku Ethiopia ankatumiza nthumwi, ndipo zina zinafika ku Venice ndi ku Roma m'zaka za m'ma 1400. M'tchalitchi china chachikulu mumzinda wa Magdeburg ku Germany muli chosema cha msilikali wakuda wovala zitsulo, chosemedwa m'zaka za m'ma 1200. Sanali ochuluka paliponse. Kumadoko ndi kumwera ankapezeka kwambiri kusiyana ndi kumidzi yakumpoto. Koma msilikali wa Zubair sakuwononga mbiri ya munthu aliyense.

Tsono yowawa. Che Amidu sanali m'gulu limenelo. Agogo awo a agogo anu anayenda ulendo wa ku Kilwa mwina zaka 170 zapitazo, pamene nkhondo za malupanga ndi zovala zachitsulo zinali zitatha kalekale, zaka mazana angapo m'mbuyo. Ngakhale namondwe wanu akanawomba bwanji, sakanawafikitsa.

Kulakwa kwanu si kupeka nkhani. Kupeka ndi luso lanu, ndipo munapeka poteteza mwana. Kulakwa n'kwakuti simunagogode. Inu mukudziwa kuposa ine kuti nthano imayamba ndi "Padangokhala," omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse," kuti aliyense adziwe kuti talowa m'nyumba ya zopeka. Inu munalowetsa anthu m'nyumbamo kudzera pakhomo la mbiri. Anthu amakukhulupirirani pa mibadwo yawo. Chikhulupiriro chimenecho musachigulitse ndi hatchi yoyera.

Chitani izi sabata ino, mwana asanabadwe. Muitaneni Zubair panokha, osati kushopu. Yambani ndi kumuuza za ku Spain, za nthumwi za ku Ethiopia ndi za chosema chija, azifufuze yekha pafoni, aone ndi maso ake. Akaona kuti msilikali wake ali ndi poima, muuzeni poyera kuti ulendo wa Che Amidu unathera ku Kilwa, zotsalazo munawonjeza chifukwa simunapirire kumuona atazolika. Akhoza kukwiya tsiku limodzi kapena awiri. Msiyeni akwiye. Mwana sasunga mkwiyo nthawi yaitali kwa bambo amene analakwa pomutchinjiriza.

Dzina lisasinthe. Munthu woyenda wapansi kuchoka ku Makanjira mpaka kunyanja yamchere, katatu, mnyanga uli paphewa, n'kubwerako wamoyo, safunika kubwereka zitsulo za Azungu kuti akhale ngwazi. Tumizani uthenga kwa mlongo wanu kuti adzabwere ndi birika lija. Tsiku lometa tsitsi mudzaimirire, birika lili m'manja, mudzanene zoona zokhazokha. Anthu akadya, akakhuta, mudzati "Padangokhala," ndipo pamenepo hatchi idzathamange mmene ingathere. Ashehe nawonso adzaseka.

A Maclean muwaitane ku mwambowo. Musakawanyogodole. Pa nkhani ya anthu akuda analakwa iwo, pa nkhani ya agogo anu munalakwa inu. Bawo yatha mofanana, yalani ina.

Chenjezo langa ndi ili: mbiri imene mudzanene tsiku limenelo, mwanayo adzapita nayo kusukulu. Tsiku lina adzaimirira m'kalasi kunena za kholo lake. Mupatseni yoti mphunzitsi akaifufuza, mwanayo adzakhalebe chiimire.

Komanso nonse kumeneko mukuwerengera mwana wamwamuna ngati munapangana ndi Mulungu. Yambiranitu kufunsa ku Makanjira dzina la mayi amene ankasunga mudzi ndi ana miyezi yonse imene Che Amidu anali panjira. Akabadwa wamkazi, musadzasowe poyambira.

Aphungu