Mpeni wa Apongozi Waguluka

Bambo a Wallace,

Ndathamangira ku Mwenilondo, amayi a chipani atiitana kukaphunzira magule. Mukatsegula kabati musakomoke. Mipeni yasiliva ija apongozi anasiyiridwa ndi mzungu wawo ali khukhi, ndinaiviika m'madzi owira kuti iyere. Phula la m'kati mwa chogwirira linasungunuka, umodzi n'kuguluka. Pepani.

Komatu kuda kutachoka, pa mpeni wogulukawo paoneka kachidindo ka mkango ndi chilembo pambali pake. A Mwalwanda a kusukulu akuti chilembocho n'chimene chimanena chaka chimene unasulidwa. Ndiye chonde musaukweche ndi mchenga ngati poto, mungachifufute!

Madzulo ndibwera ndi utomoni, ndiulumikiza ndekha. Mpeni umene mumati unapulumuka nkhondo ya Ajeremani sungafere m'manja mwa ine Yunike.

Ndine,
Amake Wallace