Kabichi wa Alamu

Loweruka, 19 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo maphunziro akuyenda. Kuno tilipo, chifuwa cha mayi chinatsikako, ndipo lesitilanti masana imadzaza mpaka pakhonde. Koma sizimene ndatengera cholembera. Nkhani iyi pafoni yandikanika, chifukwa mukayimba mumakhala mukuthamangira m'kalasi, ine mawu n'kundithawa.

Mukudziwa zimene tinalemba pachikwangwani chapakhomo, kuti masamba onse amene timaphika ndi akumunda kwanu, olimidwa ndi manyowa, opanda feteleza kapena mankhwala opopera. Mawu amenewo ndiwo amatibweretsera anthu. Mutachoka n'kusiya munda m'manja mwa alamu, miyezi yoyamba zonse zinali ngati kale. Kabichi ankabwera ndi timabowo ta mbozi, tomato wina wamkulu wina wopindika, karoti ali ndi dothi lake. Ife tinkawapakirira makoko ndi zotsalira zakukhitchini m'migolo kuti zikawole pa nkhuti zanu za manyowa.

Mwezi wathawu katundu anasintha. Kabichi wosalala ngati wapulasitiki, tomato wofanana ngati anamuyeza ndi lula. Akhuki athu anatola mmodzi n'kuseka, amvekere, "Mbozi zakumunda kwa achemwali anu zayamba kusala kudya?" Ine sindinaseke. Ndinayang'ana makireti, ndipo sanali amatabwa aja munakhoma nokha. Anali abuluu, ndipo m'mbali mwake munkaoneka kuti wina wapala pepala lomata ndi mpeni.

Alamu atabwera ndinawafunsa mwaulemu, "Alamu, chaka chino mwachita bwanji kuti masamba akongole chonchi?"

"Ndi manyowa, mlamu. Apsa bwino," anatero uku akuyang'ana foni.

"Nanga makireti a achemwali ali kuti?"

"Chiswe."

Anakweza migolo m'galimoto mwachangu, tiyi amene ndinawaikira sanamwe. Munthu amene kale ankakhala pa benchi la kukhitchini mpaka timuthamangitse!

Mwina ndikanangozisiya pakadapanda aphunzitsi aja amakhala pa tebulo lapawindo. Amuna awo akudwala, ndipo dokotala anawauza kuti azisamala kwambiri zakudya. Masana aliwonse amadzatenga chakudya cha wodwalayo m'kontena. Tsiku lina anandigwira dzanja nati, "Mayi, ine ndimagula kuno kokha, chifukwa inu ndiye ndimakukhulupirirani." Ndinangoti zikomo n'kuwapatsa kontena yawo.

Lachiwiri m'mawa ndinasiyira akhuki makiyi n'kukwera basi, osauza munthu. Achemwali, ndikuuzeni zimene maso anga anaona, zina muweruza nokha.

Geti linali lotsekula. Mabedi akumtunda, aja munkadzalamo karoti ndi anyezi, ndi thengo lokhalokha. Paipi yothirira yang'ambika, ili gone padzuwa. Migolo yathu anangoikhuthulira kuseri kwa khola la nkhuku, mulu wonse ukununkha, ntchentche zili ng'waa, palibe anautembenuzapo kapena kuuphimba ndi udzu. Kumunsi kokha, pafupi ndi chitsime, ndiko kuli kabichi wobiriwira bwino, ndipo pamtengo wapambali pake panapachikidwa sipuleya yopopera mbewu. Ndinainunkhiza. Si madzi a tsabola ndi adyo aja munkasakaniza inu, fungo lake linandilasa m'mphuno mpaka misozi. Ndipo kabichiyo ngwochepa, sangakwane ngakhale theka la amene timalandira.

Ndili chiimire choncho, m'nyumba munatuluka mayi wina, wamng'ono kwa ine, atanyamula beseni la zochapa. Kumapazi anavala majombo anu obiriwira.

"Mukufuna ndani?" anandifunsa, ngati mlendo ndine.

"Ndine mng'ono wawo wa eni munda uno. Inu ndinu ndani?"

Anaika beseni pansi. "Ndimathandiza kudimba kuno."

"Bambo ali kuti?"

"Apita kumsika waukulu kukatenga katundu wa..." Anaima pomwepo, n'kuyamba kufinya malaya amene anali ofinya kale. Malayawo anali a alamu.

Sindinalowe m'nyumba. Sindikudziwa mayiyo amagona kuti, sindinafunse, ndipo musandifunse. Mwina ndi wantchitodi, pakuti munda ngwaukulu kwa munthu mmodzi. Ndinangoona kuti manja ake ndi osalala kuposa anga.

Pobwerera ndinafikira kumsika waukulu. Sindinavutike kufufuza. Galimoto ya alamu inali kumbuyo kwa shedi ya ogulitsa mopikulitsa, iwo atawerama, akupala pepala pa kireti yabuluu. Ndinaima pambali pawo mpaka anaona nsapato zanga.

"Mlamu," anatero, mpeni udakali m'manja.

"Alamu, manyowa ake ndi amenewa?"

Anayamba kufotokoza zambirimbiri. Akuti mbozi zinagwa zoopsa, mbewu zinatha sabata imodzi, njira zanu zija zimafuna manja anu, iwo anayesetsa koma zinawakanika, ndipo anachita manyazi kukuuzani. "Nanga masamba si masamba? Alipo wadwala?" Kenako anatsitsa mawu. "Musawasokoneze akazi anga ndi zimenezi, ali pafupi kulemba mayeso. Ndikonza zonse asanabwere."

"Kumunda ndinafikako," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Ndinawasiya pomwepo n'kubwerera kulesitilanti. Za mbozizo mwina n'zoona, achemwali. Koma munthu amene wandinamiza mwezi wathunthu akundiyang'ana m'maso, ndimukhulupirire pati?

Madzulo omwewo ndinatenga penti n'kufufuta mzere uja pachikwangwani. M'mawa mwake aphunzitsi atabwera ndinawakhazika pansi n'kuwauza zoona, kuti kwa milungu ingapo amuna awo akhala akudya masamba amene ine sindikudziwa kumene analimidwa. Sanakalipe. Anatseka kontena yawo yopanda kanthu, nati, "Mwachita bwino kunena," n'kutuluka. Sanabwerenso, ndipo anzawo akusukulu nawonso achepa.

Pano ndikutenga masamba kwa amayi awiri olima kuseri kwa njanji. Ndinapita ndekha kukaona mabedi awo, ndinapisa dzanja mu nkhuti yawo n'kumva kutentha kwake, mpaka mushedi ndinasuzumiramo. Amayiwo anandiseka kuti ndikuchita ngati wapolisi. Masamba awo ndi ochepa, moti zakudya zina ndazichotsa kaye, ndipo chikwangwani sindilembanso mpaka nditakhutira. Ndafika poti aliyense wobweretsa katundu ndimamuyang'ana zikhadabo ngati zili ndi dothi. Sindikukondwa nawo mtima umenewu.

Pempho langa ndi ili. Mukamaliza mayeso musadikire mwambo wolandira satifiketi, bwerani. Ndipo tsiku lobwera mudziwitse ine ndekha. Ndidzakuchingamirani, tidzapitire limodzi kumundako m'mawa, mukaone nthaka yanu ndi maso anu. Ndinalingalira zodikira kuti mulembe kaye mayeso monga anapemphera alamu, koma ndikudziwa kuti mukanadzamva kuti ndinkadziwa n'kukhala chete, simukanandikhululukira. Ngati ndalakwitsa, mundikalipire mukafika.

Mayi sindinawauze kanthu. Akupereka moni, akuti muzivala juzi ndipo musamadumphe chakudya cham'mawa. Ana akufunsa ngati amayi awo aakulu abwera ndi chokoleti. Akhuki akuti akusowa tomato wanu wopindika. Alamu anadutsa dzulo, sanatsike m'galimoto. Anaona kuti ndagula envelopu, nati, "Ngati mukulembera akazi anga, muwauze kuti kumunda zonse zili bwino, ndipo ndawasowa." Ndinalonjeza kuti ndilemba mawu awo monga anawanenera. Ndi amenewo.

Mulembe bwino mayeso, achemwali anga. Ndikukupemphererani.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
amene akudikira tsiku.