Chithunzi cha Malume pa Pulogalamu ya Chiliza

Loweruka madzulo, kuno kwa Nsaru.

Lero ndikadayenda chifuwa patsogolo, koma mtima ukundiluma. Tatsegula chiliza cha malume anga a Mbewe, ndipo pulogalamu ndinakonza ndine. Ndinalonjeza kuti ikhala yoti a m'tauni achite nsanje mpaka Khirisimasi.

Kwa mayi wa kompyuta ku Namitete ndinalembetsa mndandanda wa a Mbewe otchuka: nduna, woimba wa pa wailesi, goloboyi wa timu yadziko. Onsewo ndinati ndi abale awo a malume, chonsecho sanamwerepo nawo ngakhale madzi. Anthu aseka, zimenezo sizikundivuta.

Vuto ndi chithunzi. Malume sanajambulitsepo moyo wawo wonse. Mayi uja anandionetsa tizithunzi tojambula tokhaliratu m'kompyutamo, ine n'kusankha kabambo kadazi kovala tayi. Ndimangofuna anthu asekeko.

Koma akazi a malumewo, a Nabanda, maso anachita ng'ala. Anayandikiza pepalalo pamphuno nthawi yaitali.

"Yohane, unachipeza kuti? Tayi uyu ndi wa pa ukwati wathu, eti?"

Pakamwa panga paja sipadikira mutu. "Ndi yemweyo, amayi. Ndachisaka Lilongwe yense wapansi."

Anapukuta misozi n'kuika pepalalo m'Baibulo. Andipempha ndikachikulitse kuti achipachike pabalaza, adzukulu adziwe nkhope ya agogo awo.

Ndavomera. Lolemba ndipalasa njinga kupita ku Namitete. Kapena ndiyambe ndadzera kwawo ndikawauze, koma ndikakumbukira mmene anagwirira pepala lija ndi manja awiri…