Mano a Nyemo

Buguruni, Dar es Salaam
28 Disembala, 1994

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi bambo ndi onse a pakhomo. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Mvula ya ku Tukuyu ndimaidziwa, ikayamba siona nkhope, choncho musamakakamire kupita ku nthochi m'mamawa kukuzizira. Ine kuno ndilipo, kungodzuka basi poti kwacha. Mdzukulu wanu Nyemo ndiye sali bwino, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera. Kalatayi ndapatsira Mayi Mwakyusa a ku kwaya kwathu, amene akukwera basi mawa. Muyambe mwawerenga nokha musanawauze bambo.

Kuno kwatentha chaka chino ngati atiika m'chiwaya. Mpopi wa pakhomo pano unauma mwezi watha. Madzi tikukatunga kuseri kwa msikiti, pamzere wa ndowa woti ukaimapo m'mawa umachokapo dzuwa lili paliwombo. Nyumba ya zipinda zambiri tikukhalayi yangoti zii. Achaga a chipinda choyandikana nafe anapita kwawo ku Moshi kukadya Khirisimasi ndi abale, kumene amati kukawerengedwa, monga amachitira chaka ndi chaka, ena apita ku Tanga, ena ku Iringa. Tatsala ife ndi agogo eni nyumba, amenenso makutu anatseka kalekale.

Mkamwini wanu Ndahani ntchito yamuchulukira, poti nyengo ino ndiye ya makondakitala. Basi ya ku Dodoma ikumadzaza mpaka pakhomo, anthu, mbuzi, matiresi. Amagona kuno tsiku lina, lina kumeneko, ndipo akafika mawu amakhala atasasa ndi kukuwa. Amamunyamula mwana pang'ono, kenako n'kugona nsapato zili kuphazi.

Mukanamuona Nyemo kumayambiriro kwa mwezi uno! Anali atayamba kukwawa, koma chobwerera m'mbuyo. Akafuna kubwera kwa ine ankapezeka ali pansi pa bedi, n'kumakalipa ngati ndife tamukankhira kumeneko. Chilichonse chinali cha kukamwa: chipande, lamba wa bambo ake, ngakhale khala la pambaula. Ndinamusokera ndi manja angawa kadiresi kachikasu ka Khirisimasi yake yoyamba, ndipo ndinkati tikajambulitse chithunzi ndikutumizireni.

Kenako anayamba kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Sabata yomweyo anafika apongozi anga kuchokera ku Dodoma kudzadya nafe Khirisimasi. Ndisawanamizire, amayi, ndi munthu wabwino. Anabwera ndi ufa wa mapira, mtedza ndi nkhuku yamoyo. Tsiku lomwelo anandilanda matewera n'kuchapa okha, akuti iwe kagone, maso ako afiira ngati wosuta fodya wamkulu. Ndinathokoza Mulungu kuti ndapeza wondithandiza.

M'mawa mwake anamulowetsa Nyemo chala m'kamwa, n'kundiitana kuti ndidzaone. M'mbali mwa usinini wa m'munsi munali motupa, moyererako pang'ono. Akuti amenewo ndi mano a pulasitiki, ndiwo akumutsegula m'mimba, ndipo akapanda kuchotsedwa msanga mwana amapita. Akuti mdzukulu wawo wina, wa mwana wawo wamkazi, anamuchedwetsa chomwecho ndipo anamuika m'manda chaka chatha. Ankanena izi misozi ili chuchuchu.

Amayi, inu munabereka ife tonse n'kutilera. Munamvapo kuti mwana amamera pulasitiki m'kamwa? Pulasitiki yemweyu wa ndowa?

Ndinapita naye kusikelo. Namwino atamva anachita kumenya tebulo. Akuti amenewo ndi mano enieni amene akudikira nthawi yake, mwana aliyense ali nawo, ndipo ndikalola munthu kuwakumba ndisadzabwere kudzamulirira pamaso. Kutsegula m'mimbako akuti ndi madzi oipawa ndi zotolatola za pansi. Anandiuza kuti ndiziwiritsa madzi, ndizimumwetsa a mchere ndi shuga, ndipo bere ndisaleke.

Nditawafotokozera apongozi, anangoti mhm. Akuti anamwino a masiku ano ndi ana, amadziwa za m'buku, mwana akafa iwo amatseka bukulo n'kupita kukadya. Ndinayankha kuti mwana ndi wanga ndipo palibe amukhudze m'kamwa. Bambo a Nyemo anandikokera panja. Akuti ndisamayankhe mayi awo ngati ndikuyankha mnzanga wa pampopi, ndipirire, mlendo ndi mame, akapita tidzachita zathu. Ine wopusa ndinamva ngati ali mbali yanga. Kuyambira pamenepo akakhala awiri ankayamba chilankhulo chawo cha Chigogo chija, ine n'kumangotolamo dzina la mwana. Ndikafunsa, ankati tikukamba za mvula ya kumudzi.

Pa Khirisimasi tinapita kutchalitchi tonse. Nyemo anavala kadiresi kake. M'mimba munali mutayamba kuleka, amayi, mutayamba kuleka ndithu! Ng'oma ya kwaya italira anachita kudumpha pamiyendo panga n'kuseka. Titabwerera ndinapha nkhuku ija, ndinatereka mpunga wa pilau, kenako madzi anatha. Apongozi anati pita ukatunge mwana wanga, uyu ndimugoneka ine. Bambo a Nyemo anachita kundinyamulira ndowa mpaka kumsewu, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Ndinapita ndikumwetulira ndekha m'njira, ndikuti Khirisimasi yawafewetsa mtima amuna anga.

Pobwera ndinapeza poto ataphula, m'nyumba mulibe munthu. Ndinawagwedeza agogo eni nyumba, iwo anangoloza ndi mlomo cha ku Vingunguti. Ndinathamanga wopanda nsapato, kulowa njira iyi, kutulukira iyo, kufunsa aliyense. Anthu anali pa chisangalalo, mawailesi akulira, ana atavala zatsopano, ndipo ena ankandiseka kuti mayiwa ayamba msanga mowa. Nyumba imene anapita naye mwana sindinaipeze. Ndinabwerera n'kukhala pakhomo.

Anatulukira dzuwa litapendeka, bambo a Nyemo patsogolo maso ali pansi, apongozi pambuyo atamufungatira mwana. Sankaliranso, mawu anali atatha, ankangosisima. Kadiresi kaja pachifuwa ponse panali magazi. Apongozi anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kundionetsa tinthu tiwiri toyera, tofewa ngati mpunga wonyika. Akuti taona wekha, dzino lenileni limafewa chonchi? Anali okondwa, amayi, ngati munthu amene wavuula mwana m'madzi. Ndinamva pambuyo pake kuti bambo amene anamuchotsa manoyo amakumba ndi sipoko ya njinga yonola, n'kupakapo mchere. Amene anamugwira mwana manja ndi miyendo ndi bambo ake omubereka.

Ndinakuwa mpaka agogo osamva aja anatuluka. Ndinawafunsa bambo a Nyemo ngati ali mwamuna kapena katundu wa pamwamba pa basi, wongopita kumene amuponyera. Iwo akuti ukulira chiyani, mwana wapulumuka, m'malo mothokoza. Pilau uja palibe anamulawa, ndinakataya m'mawa mwake atasasa.

Kuchokera tsiku limenelo Nyemo sakuyamwa. Akaona bere amalifuna, amatsegula kukamwa, koma akangoligwira amalisiya n'kulira. Mabere anga auma gwaa ngati miyala. Ndikumafinyira m'kapu n'kumamudonthezera ndi kasipuni, wina amameza, wambiri umatsikira m'khosi. Tsaya latupa mbali imodzi, m'kamwa mukununkha, thupi ndi moto. Mwana uja ankalowa pansi pa bedi tsopano pamene wamuika ndi pomwepo. Mayo ine, ndinalakwa chiyani?

Ndinabwerera naye kuchipatala. Namwino uja atamuyang'ana m'kamwa sanandikalipire n'komwe, anangondiyang'ana n'kupukusa mutu. Bola akananditukwana. Akuti chilonda chalowa zoipa ndipo zikafika m'magazi ndiye basi. Malo ogona kulibe, ana agona awiriawiri pabedi, choncho tikuyendera jekeseni m'mawa uliwonse. Ndinawafunsa kuti achira? Anati mayi, tiyeni tiyesetse. Manowo ndiye akuti sadzameranso.

Tsono imvani chimene chandilembetsa kalata. Apongozi akuti mwana sakuchira chifukwa anachotsa a m'munsi okha, a m'mwamba anatsala. Bambo wochotsa mano uja anawauza kuti magazi anachuluka, abwere nayenso Nyuwere ikadutsa adzamalize. Ndinawagwadira amuna anga, ndinawagwira miyendo. Akuti poti tinayamba timalize, ukufuna mwana afe ndi mano awiri otsalawo kuti mayi anga adzandinene moyo wanga wonse? Akuti za achipatala tamva, koma jekeseni zawozo bwanji sizikutsitsa kutentha? Munthu ndinakwatiwa naye chifukwa chofatsa, lero kufatsa komweko kukundiphera mwana.

Choncho sindikumutsitsa kumsana. Kumadzi ndili naye, kuchimbudzi ndili naye, posamba ndimangopukuta thupi iye ali pomwepo. Pogona ndimamangirira nsalu yake kudzanja langa. Kutentha konseku tonse awiri tatuluka totupa, msana wanga ukuchita ngati uthyoka, koma ndikaganiza zomuika pamphasa ndimaona ndowa ija.

Dzulo apongozi anandipeza ndikusinza choimirira nditatsamira khoma. Anatambasula manja, akuti mwana wanga ndipatse ndikulandireko, ugwa naye. Ndinati ayi. Anati kodi ukundiyesa mfiti? Ndinati ayi, koma simumugwira. Munandilera kuti wamkulu sakanizidwa, ndipo chibadwire sindinayankhepo munthu wa msinkhu wanu chotero. Anakhala pansi n'kulira ngati mwana. Chakudya sakudya, akungopempherera Nyemo mokweza, kumutchula mayina onse a kwawo. Chimene chikundipweteka n'chimenecho, amayi. Akanakhala munthu woipa ndikanadziwa pomudera. Koma amamukonda mwanayu ndi mtima wonse, ndipo ndikangophethira amutenga.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikupempha ndalama, za ulendo amayi a ku kwaya andithandiza. Sindikuti mubwere, mwendo wanuwo sungathe. Jekeseni zikangotha ndikwera sitima yoyamba ya ku Mbeya Nyuwere ikadutsa, ndipo bambo a Nyemo sakudziwa. Ndikafika, musandibweze. Ndikuwadziwa bambo, adzati mkazi sathawa banja, adzatchula ng'ombe za malowolo anga zija zinapita kale kukakwatirira achimwene, adzati akulu a mpingo atiyesa chiyani. Zonsezo ndaziganizira mpaka mutu kuwawa. Muwalankhule inu ine ndisanafike, mumadziwa nthawi yowapezera. Muwauze kuti za banja tidzakamba mwana akayamba kuyamwa. Akadzabwera a kuchimuna kudzanditenga, mudzaime pakhomo ndi inu, chifukwa ine mphamvu zandithera.

Mundiperekere moni kwa bambo, ngakhale sadzaulandira mokondwa. Moni kwa alamu anga, kwa mng'ono wanga Subilaga, ndi kwa azakhali a Tumpale. Agogo musawauze kanthu, angodziwa kuti mdzukulu akubwera kudzawaona.

Achimwene a Gwakisa muwapatse moni, ndipo muwapemphe akandidikire kusiteshoni. Akandiona ndili ndi mwana kumsana, andilandire katundu. Akandiona ndili ndekha, asandifunse kanthu pa anthu, angonditenga n'kubwera nane kwa inu.

Ndine mwana wanu,
Tusajigwe