Ng'ona Ikakugwira, Tikauze Yani?

Bangwe, Limbe
16 Febuluwale 2025

Okondedwa achimwene a Lorenso,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse kumeneko ku Bangula. Nanga amayi mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi? Ife kuno tilipo, kungoti Lilian chifuwa sichikumuchoka. Mphepo ya ku Bangwe sinagwirizanepo ndi magazi a kuchigwa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Ndakuimbirani kawiri sabata ino, koma nkhani yake ndimalephera kuiyamba, ndiye mumangomva ndikufunsa za mvula. Bola pepala, silindiyang'ana kumaso. Ndapatsira mayi Otilia, aja amabwera ndi madengu a nsomba za makakana Lachiwiri lililonse, pamodzi ndi mafuta opaka mwendo wa amayi.

Chimwalirireni bambo a Lilian, benchi yathu ya nsomba mumsika wa Limbe ikundilemera. Malemu ndi amene ankatsika kumudzi kukatenga milamba yowamba, ine n'kumagulitsa. Chaka chatha ndinalemba ntchito Smart uja ndinakuuzani, wa pakamwa ngati wailesi, amene ananditchulira amalume ake, azakhali ake, ngakhale abusa a kwawo. Ulendo wachitatu ananyamuka ndi madengu awiri, ndipo mpaka lero akadali panjira. Kuyambira pamenepo mtima wanga unauma. Aliyense wofuna ntchito ndimayamba kumuyang'ana m'manja.

Mu Disembala kunabwera bambo ena, dzina lawo a Fernando. Ndi munthu wa msinkhu wanu, wowonda, wosayankhulayankhula. Chisena chawo nditachimva ndinadziwa kuti ndi a kwathu. Ndinawauza kuti tiyesane kaye masabata atatu, ndione kagwiridwe kawo, ndipo anavomera.

Tsiku loyamba lomwelo anaima pa dengu limene ndinali nditangolandira. Ananunkhiza, anapisa dzanja mpaka pansi, natulutsa milamba isanu imene inali itayamba chuku. Anati wowamba anaziphula msanga, komanso nkhuni zake zinali zaziwisi. Ine ndikanagulitsa zonsezo osadziwa. Titaweruka anadula mgolo wakale uja wa kuseri kwa nyumba, anasonkha moto, naziwambanso dengu lonse. Polongedza amayala udzu wouma mzere uliwonse, monga ankachitira malemu bambo athu, ndipo masabata onsewo sindinatole nsomba yosweka. Pajatu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Chilema ndinawapeza nacho chimodzi. Mvula ikayamba kugunda malata a msika, ankasiya chilichonse n'kukaima pakhomo kuyang'ana madzi a m'ngalande mpaka ikate. Kasitomala aitane chotani, samamva. Ndinawakalipira kawiri, iwo anangopepesa.

Masabata atatu aja atakwana inafika nthawi yoti ndiwatume okha kuchigwa kukatenga katundu. Ndinawakhazika pansi, ndinatenga pepala, kuti ndiwafunse funso la bambo lija. Mukukumbuka kuti bambo asanapereke bwato ndi nkhafi kwa munthu wolowa m'dambo ankayamba amufunsa kuti ng'ona ikakugwira tikauze yani. Ine ndinafunsa mwachitauni, kuti china chikachitika panjira ndikafunse kwa yani, mboni yawo ndani.

Anati kwawo ndi kutsidya, cha ku Makhanga. Ndinati sindikufuna dzina la malo, ndikufuna la munthu. Ndinati atchule mkazi, mbale, mlamu, ngakhale mnzawo wa kwaya. Anayang'ana pansi, kenako anati palibe woti n'kumutchula.

Achimwene, pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawauza kuti munthu satuluka pachulu ngati ngumbi, aliyense ali ndi kwawo, ndipo wobisa abale ake ndiye kuti kwawoko anaipitsa. Ndinati nsomba zanga sindingapatse munthu wopanda mwini. Mawu amenewa ndinawanena mokweza, a mabenchi oyandikana akumva. A Fernando anamaliza kumanga dengu limene anali atayamba, anapukuta mpeni nauika pamalo pake, anatsanzika mwaulemu, n'kumapita.

Masabata angapo ndinkayenda modzitama kuti ulendo uno ndachenjera. Ndiye Lachiwiri lapitali mayi Otilia anati awaona a Fernando padoko la ku Bangula akusenza katundu wa anthu owoloka, nafunsa kuti ndinawachotseranji munthu wodziwa nsomba chotero. Ndinawafotokozera zonse, monyada ndithu. Mayiwo anatula dengu lawo pansi, anandiyang'ana, nafunsa ngati sindinkadziwadi kuti ndinkayankhula ndi yani.

Mchemwali wawo wa mayi Otilia anakhala kampu imodzi ndi a Fernando nthawi ya madzi a namondwe wa Freddy. Akuti tsiku limene madziwo anabwera, a Fernando anali m'dambo ndi bwato kukavuula maukonde. Pamene ankapalasa kufika pamudzi, anapeza nsonga za mitengo zokha. M'nyumba munali akazi awo, ana anayi, mayi awo ndi mng'ono wawo. Mwa onsewo anapeza mtembo umodzi wokha, wa mwana wotsiriza, m'mabango, patatha sabata. Chiyambire pamenepo sanakwerenso bwato. Kukwera phiri kubwera ku Limbe kunali kuthawa mtsinje.

Ndinalira pamsika anthu akuona, ndipo ndikulemba pano misozi sinaleke. Munthu anandiuza zoona zokhazokha, ine n'kumuyesa wakuba. Smart ananditchulira mudzi wathunthu ndipo ndinamukhulupirira. Awa analibe ngakhale dzina limodzi lotsala, ndipo ine ndinawaumiriza kuti alifunefune pamaso pa anthu. Ndikaganiza zoti ndinkawakalipira poima kuyang'ana mvula, manyazi amandigwira.

Koma chimene chikundipweteka koposa ndi chakuti funso la bambo ndinalikumbuka theka. Inu ndinu aakulu, mukuwakumbuka bwino a Tomasi, aja anathawa nkhondo ya ku Mozambiki n'kufika kwathu ndi malaya amodzi. Ine ndinali wamng'ono, koma ndinalipo tsiku limenelo, ndikupala nsomba pansi pa msawu. Bambo atawafunsa funso lija, a Tomasi anati abale awo onse anathera kunkhondo. Bambo sanachedwe. Anati ngati zili choncho, ng'ona ikawagwira a Tomasi anthu adzauze bambowo, nawapatsa nkhafi. N'chifukwa chake a Tomasi akugona kumanda kwathu, pafupi ndi bambo.

Bambo sankafunsa kuti apeze pogwira munthu akaba. Ankafuna kudziwa kotumiza uthenga wa maliro, kuti wantchito wawo asaikidwe ngati galu. Ine funso lomwelo ndinalisandutsa ndodo. Ndipo ndachita zimenezi ine amene bambo a Lilian atamwalira munandidzadzira lole yonse kuchokera kumudzi, mpaka mphasa zinaperewera. Ndinali ndi anthu ambiri owauza, ndiye ndinaiwala kuti ena alibe.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite padoko mukawafune. Simuvutika kuwazindikira, amavala chipewa cha mlaza chong'ambika kumbuyo, ndipo akuti amafika m'mphepete mwa madzi koma m'bwato saponda. Musatume munthu, mupite nokha monga mwana woyamba wa bambo, mukawapepese m'malo mwanga. Mukayankhule nawo Chisena. Mawu oipa aja ndinawanena m'chiyankhulo cha kumsika, ndiye opepesa akhale a kwathu.

Mukawauze kuti ntchito ilipo. Kuchigwa ndizitsika ndekha, iwo azitsala pabenchi, ndipo mvula ikamagwa aziima pakhomo mmene angafunire, ndizigulitsa ndine. Za kuyesana zatha. Masabata atatu aja woyesedwa ndinali ine, ndipo ndalephera. Mpeni wawo uli pomwe anausiya, sindinaugwire.

Mwina akana, ndipo sindingawaimbe mlandu. Munthu wonyozedwa pamsika kubwerera pamsika pomwepo si chinthu chapafupi. Akakana musawakakamize, koma muwatengerebe kunyumba akadye, amayi akawaone, akadziwe khomo lathu. Ntchito akhoza kuikana. Chimene ndikufuna asakane ndi ichi: mukawauze kuti funso lija lapeza yankho. China chikadzawachitikira, kaya ku Limbe kaya padoko, anthu adzauze inu ndi ine. Pa pepala lija, pamene panatsala posalemba, ndalembapo kale dzina lanu ndisanakupempheni. Mundikhululukire, ndikudziwa kuti bambo akanatero.

Mundiyankhe kudzera mwa mayi Otilia akamadzabweranso Lachiwiri linalo, ngakhale yankho litakhala loipa. Ndizidikira lole yawo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze azipaka mafutawo m'mawa ndi madzulo. Moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali a ku Mbenje, ndi kwa apongozi anga mukawaona kutchalitchi. Lilian akuti moni kwa amalume ake. Moni wotsiriza ndi wa a Fernando. Mukamapereka moni wa abale, muwapatsire limodzi.

Ndine mlongo wanu,
Emelia