Chikhothi mu Julayi

Lolemba, 7 Julayi 2025

Madam andiitana m'mawa ndisanamwe n'komwe tiyi. Akuti viza yanga ikutha mwezi wamawa, ndiye Lolemba likubwerali akufuna yankho: ndisayine zaka zina ziwiri, kapena andigulire tikiti yotsikira ku Chileka. "Ukhala, kapena khalas?" Khalas ndiye kuti basi, zatha. Anthu a kuno sazungulira.

Kunena zoona ku Jumeirah kuno, ku Dubai, ndatopa nako. Nyumba yanga ku Lunzu inatha, malata, zitseko, zonse. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusita zovala za eni ake, zakwana. Chondisunga n'chimodzi basi, ndipo chimaima pa geti la mafulati ku Al Barsha chitavala yunifolomu ya ulonda: a Luckson. Zaka ziwiri tikukhala benchi limodzi kutchalitchi ku Oud Metha. Kundiperekeza mpaka pokwerera sitima ya Metro. Kundiimbira tsiku lililonse n'kumandiuza za mitengo ya mafoni ndi za nkhuku za achemwali awo ku Dedza. Koma za ukwati, ziii.

Tsono masabata atatu apitawa asiyiratu kulankhula kumene. Ndikalemba uthenga amawerenga, timizere tija timasanduka buluu, koma yankho ayi. Kutchalitchi akumakhala kumbuyo n'kumangondiyang'ana ngati ndinawabera mbuzi.

Ndalumbira pano m'bukumu: akapanda kutsegula pakamwa pofika Lamlungu, ndikupita kwathu. Za viza sindiwauza. Zaka 41 ine, ndizipempha mwamuna kuti andifunsire?

Lachiwiri, 8 Julayi

Masana ndimasitira m'chipinda cha amayi ake a Madam, amene tonse timangoti Mama Wamkulu (MW, dzanja lingatope). Safuna kuonera okha filimu yawo ya ku Korea. Ine ndinaiyambira pa gawo lachisanu, zoyambazo anaonera ndisanasamutsire ayironi kumeneko. Anthu ake amalankhula Chikoreya, mawu a m'munsi ndi Chiarabu, ine sindimvapo ngakhale limodzi. Koma nkhani ndikuitsata bwinobwino, ndimayendera mitundu. Chithunzi chikafiirira ngati tiyi wa mkaka, ndiye kuti tili kalekale, mayi wa mufilimumo akadali mtsikana. Chikasanduka cha buluu wozizira, ndi masiku ano, nkhani ya mwana wake wamkazi.

Wamasiku anoyu akufunidwa ndi mnyamata wophika mulesitilanti, wolongolola koopsa, pakamwa posatseka. MW amamukonda ameneyo. Ine wanga ndi wakaleyo, wokonza mawotchi. Chikhothi chachitali mpaka m'mawondo, sikafu m'khosi. Salankhula. Amangoima kutsidya kwa msewu, sinoo akugwa mwapang'onopang'ono, piyano ikulira, kamera ikumuzungulira katatu. Kutembenuka kokha kumatenga nthawi yoti ine ndasita malaya awiri. Nkhope yosalala, yopanda ndi kachiphuphu komwe, anthu amenewa amadya chiyani? MW amamukalipira, "Yalla! Yalla!" uku akuloza pakamwa pawo. Ine ndimati musiyeni, chikondi chenicheni sichisokosera. Mwezi watha ndinawaonetsa a L. chithunzi chake pafoni, ndikuwaseka kuti onani, mwamuna ndi uyu. Sanaseke.

Chodabwitsa: m'mawa potaya zinyalala ndapeza kathumba ka pepala pa mpanda, pafupi ndi kageti kathu ka antchito. M'katimo manachesi asanu ndi awiri. Dzina palibe. Ndamuonetsa Selinah, mnzanga wa ku Chipata amene amalera ana nyumba yoyandikana nayo. Walumpha cham'mbuyo. "Iwe Matildah, osadya ivo vinthu! Ni mankhwala!" Ndamuuzanso za a L. Akuti mwamuna akangokhala zii ninshi apeza wina, mwina ka Filipino ka pa risepishoni. Selinah satonthoza munthu.

Lachitatu, 9 Julayi

Manachesi enanso, malo omwewo. Ndafunsa Sam dalaivala, akuti sadziwa. Wa m'munda wangoti "nahi, nahi" akupukusa mutu, n'kupitiriza kuthirira.

Ndinati ndiwataye, koma MW andipeza nawo m'manja. Ayang'ana kathumbako, andiyang'ana ine, n'kuseka mpaka kutsokomola. Chosekacho sananene. Asenda atatu n'kudya pomwepo. Ndawayang'anitsitsa masana onse, sanafe.

Lachinayi, 10 Julayi

Mayo ine, gawo la lero!

Mtundu wa tiyi uja. Mtsikana ali pa siteshoni ndi sutikesi, akucheukacheuka. Wa chikhothi wafika, waima kuseri kwa chipilala. Akumuona! Mapazi khumi okha! Piyano yayamba. Sinoo. Atisonyeza diso lake, atisonyeza diso la mtsikana, kenaka wotchi ya pakhoma, kenaka diso lakenso. Ine mumtima ndikuti lankhula, mwana wa eni, lankhula. Sitima yalira, mtsikana wakwera. Iye wangotukula dzanja sitima itapita kale, ndipo zimenezo atisonyeza katatu, kutsogolo, kumbali ndi kumwamba, kuti zitipweteke bwino.

Kenaka buluu. Mayi uja anakwatiwa ndi wina, mwana wake ndi uyu akuseka ndi wophika wolongolola. Wa mawotchi ali ndi imvi, akudya yekha m'kashopu kake, chikhothi chomwechija chili pa msomali.

Ndalira ine, osanama. Ndalira mpaka ayironi yasiya chizindikiro pa pilokesi ya Madam (ndaibisa pansi pa zinzake). MW andipatsa tishu n'kundimenya pamsana, akuti mwamuna wosalankhula, khalas, n'kupukuta m'manja mwawo ngati akuchotsa fumbi. Sadziwa kuti sindimalirira Mkoreya ayi. Ndimawafuna a Luckson, ndimawafuna kwambiri, ndipo zikundipweteka.

Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wodilopu.

Lachisanu, 11 Julayi

Manachesi asanu ndi anayi. Uthenga ziro. Sutikesi yafika theka.

Loweruka, 12 Julayi

Koma abale, ndilembe bwanji izi?

Cha m'ma 10 m'mawa ndikupukuta zenera la MW loyang'ana kumsewu. Kunja kotentha moti ngakhale amphaka abisala pansi pa magalimoto. Ndikuona munthu waima kutsidya, pansi pa mtengo wa kanjedza. Chikhothi chakuda mpaka m'mawondo. Sikafu. Mu Julayi! Ku Dubai! Ndati wamisala uyu atifera pakhomo. Kuyang'anitsitsa: mutu uja, makutu aja otambalala, nsapato za ulonda.

A Luckson.

Ndakuwa. MW abwera ndi ndodo yawo, asuzumira, n'kuyamba kumenya zenera ndi chikhatho, misozi ili chuchuchu ndi phwete. Andikokera pa TV, atenga rimoti, abweza filimu mpaka gawo lachiwiri lomwe ine sindinaonere. Taonani, wa mawotchi akuyenda monyang'ama m'bandakucha, akuika kathumba ka pepala pa mpanda wa kwawo kwa mtsikana. Manachesi! Kamera ikuwayandikira ngati ndi golide.

Ndathamanga, masitepe awiriawiri. Pofika pa geti munthu wayamba kale kuchoka, akuyenda pang'onopang'ono, manja m'matumba. Wacheuka kamodzi, mochedwa, ndendende muja amachitira. Ndaitana, "A Luckson!" Angoweramitsa mutu n'kukhota pakona. Kuwathamangira sindikanatha, Madam anali akundiitana za pilokesi ija. Aipeza.

Ndiye palibe ka Filipino. Ndine ndemwe ndinalirira nyanga ya nsatsi, ndipo andisemera. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndiwamenye ndi ayironi. Selinah waseka mpaka kukhala pansi pa udzu, akuti "Amuna ba ku Malawi, Mulungu abathandize." Koma lumbiro langa likadalipo. Manachesi si mawu. Mawa ndi Lamlungu.

Lamlungu, 13 Julayi

M'tchalitchi a Luckson sanalowe. Ulaliki wonse sindinamve, ndimangocheukira kukhomo.

Potuluka, dzuwa lili paliwombo, ndi awo kutsidya kwa msewu pafupi ndi poimira basi. Chikhothi, sikafu, nkhope yachisoni yochita kuphunzira pagalasi. Thukuta likuchita kudontha pachibwano. Amayi a kwaya aima n'kumafunsana ngati kuli maliro. Ine ndaima, iwo aima. Andiyang'ana, ndawayang'ana. Kenaka ayamba kutembenuka kwawo kuja, pang'onopang'ono, ndipo ali pakati potembenuka mawondo agonja. Khu! pansi.

Mmene ndawolokera msewu sindikudziwa. Dalaivala wina wa takisi watsika ndi botolo akukuwa "pani, pani!" n'kuwathira madzi kumutu. Tawakokera m'kanyumba kodikiriramo basi, kaja kali ndi eyakoni. Ndawavula chikhothicho ndi manja angawa, cholemera ngati bulangete lonyowa. Akuti anachigula kwa mnzawo wa ku Nepal.

"A Luckson, mwapenga?"

Mawu oyamba m'masabata atatu: "Munati mwamuna ndi ameneuja."

Ati tsiku lomwe ndinawaonetsa chithunzi sanadye. Anapempha mnzawo wa ku ntchito awaikire filimuyo mufoni, n'kumaonera pa geti, akulemba m'kabuku zochita zake. Kusalankhula. Kuima patali. Manachesi. Akaweruka m'mawa amakwera mabasi awiri kudzawasiya pa mpanda, osagona.

"Mwaonera mpaka pati?"

"Gawo lachinayi. Foni inadzaza."

Ambuye! Ndawauza zonse. Siteshoni, chipilala, sitima. Kuti mtsikanayo anakwatiwa ndi wina n'kubereka mwana, ndipo mphunzitsi wawo wa chikhothiyo ali ndi imvi, akudya yekha mpaka lero. Kuti amene akupeza mkazi mufilimumo ndi wolongolola uja, wofanana ndi a Luckson anga akale a nkhuku za ku Dedza.

Ayang'ana nsapato zawo. Kenaka: "Aaa. Nanga bwanji anamuikira piyano yabwino chonchija?"

Ndaseka, koma kusekako kwathera m'misozi. Ndawauza za Madam, za viza, za mawa, za sutikesi imene yatsala pang'ono kudzaza. Ndati chetechete sautsa nyama, bambo. Mukanandipeza nditapita, mukanaima pa eyapoti kuseri kwa chipilala?

Nkhope yawo yasintha, osati yapagalasi ija. Aimirira, amasula sikafu n'kupukutira kumaso.

"Mayi Matildah, za Chikoreya ine zandikanika. Musapite. Ndikufuna ndikukwatireni. Malume anga a Masiye ndinawauza kale chaka chatha, akungodikira nambala ya malume anu. Ndimaopa kuti mundikana."

Chaka chatha! Piyano panalibe. Eyakoni imangolira gwegwegwe, ndipo mayi wina pambali pathu amadya tchipisi akutiyang'ana. Ndati ndikaganize kaye, poti mkazi savomera pamsewu ngati akugula tomato. Ndaganiza mpaka basi yatulukira, mwina mphindi zinayi. Nambala ya malume ndawapatsa. Chikhothi ndawalanda.

Lolemba, 14 Julayi

Ndasayina. Madam angoti "Good," n'kundikumbutsanso za pilokesi.

MW akwiya, pa mpanda lero palibe manachesi. Ndawauza ndi manja kuti munthu uja walankhula. Aombera m'manja, "Mabruk!" kenaka akuti komabe azibweretsa.

Chiyambire m'mawa foni sikupuma. Mavoisi khumi ndi anayi. Nkhuku ziwiri za achemwali zafa ndi chitopa, malume alankhulana kale, ndipo mafoni akuti atsika mtengo. Ndamvera onse, ena kawiri.

Zovala zanga ndazibwezera mu wodilopu. Mu sutikesi ndapindiramo chikhothi chija, nditachichapa. Ku Dedza mu Juni kumazizira, akachivalire kumeneko.