Chingwe cha katungwe wa Idi

19 Ramadani
Ana ayamba kale kufunsa za katungwe wa pa bwemba. Zaka makumi awiri womanga ndine. Chaka chatha chingwe changa chinaduka, Jummai mwana wa Isiyaku n'kuthyoka mwendo. Amatsimphinabe. Isiyaku, mnzanga wa kuubwana, moni wanga sayankha ngakhale ku mzikiti. Zimandiwawa.

21 Ramadani
Mwana wanga Ladidi wabwera kuchokera ku sukulu ya uphunzitsi ku Zaria. Ndamuuza: chingwe chija ndinachiyesa, tinalendewera ine ndi mlamu wanga, osaduka. Ndiye chiduke ndi atsikana awiri owonda amene anakwerapo? Alipo anachita zake. Iye kuseka. "Baba, inu munangolendewera ngati nyama pa mbedza. Katungwe amathamanga." Sukulu izi, ulemu zinamulanda.

22 Ramadani
Ladidi wandionetsa. Mwala pa ulusi wa amake. Ukangolendewera, ulusi bwinobwino. Kuukankha kuti uzipita uku ndi uku, waduka. Kasanu konse, ndipo nthawi zonse mwala ukudutsa pansi penipeni. Akuti pamenepo chingwe chimanyamula munthu komanso kumukhotetsa kuti akwerenso, ndiye kulemera kumafika kawiri.
Jummai anagwera pansi pa nthambi penipeni. Ndakumbuka. Palibe mfiti apa. Ndine.
Pomasula kusala kudya madzulo, phala la mchewere silinalowe.

25 Ramadani
Kupota basi. Zingwe zitatu kukhala chimodzi. Manja matuza okhaokha, kukhosi gwaa ndi ludzu. Mkazi wanga Asabe akuti ndingovutika, palibe mayi adzalole mwana wake kukwera. Mwina akunena zoona. Ndikupotabe.

28 Ramadani
Tayesa. Matumba awiri a mapira pa thabwa la katungwe, ine ndi Ladidi kukankha mpaka kutsala pang'ono kulingana ndi nthambi. Kambirimbiri. Nthambi kulira, chingwe zii. Thumba limodzi lang'ambika, nkhuku za mudzi wonse zadya Idi msanga. Ndaseka, kalekale ndisanaseke chonchi.
Isiyaku anadutsa pa njinga. Anachepetsa liwiro. Kenako anapitirira.

Idi
Titachoka kopemphera ndinakaima pa bwemba. Ana ndi zovala zatsopano poteropo, amayi awo atawagwira mikono. Mpaka dzuwa pamutu, wokwera palibe. Ndinafuna kumasula chingwe.
Kenako Isiyaku, mkanjo woyera, Jummai pambuyo. Anagwira chingwe, kuchipotokola, kuyang'ana mfundo imodzi imodzi. Ine ndinayandikira. Ndinati Isiyaku, sindinayese bwino chaka chatha, cholakwa ndi changa. Sanandiyang'ane. Anapinda mkanjo, n'kukhala pa thabwa, bambo wa imvi, anthu onse akuona.
"Tanko, waima ngati chitsa bwanji? Katungwe n'kukankhana."
Ndinakankha. Chisoti chake chinagwa, iye akukuwa kuti onjeza. Ndi wolemera, nkhalamba imeneyi. Misozi ine, sindinabise.
Jummai lero sanakwere. Anangogwira chingwe, n'kundifunsa ngati mawa chikhalapo.